Mahari Anga Anali Makina Osokera

Pokonzekera ndowa yanga, ndiye kuti mwambo wa ukwati wanga, a shehe anatuma amjomba, alongo awo a mayi anga, kuti adzandifunse mahari amene ndinkafuna. Mahari ndi mphatso imene mwamuna amapereka kwa mkazi pa ukwati wathu wa Chisilamu, ndipo imakhala ya mkaziyo payekha, ngakhale banja litatha mawa lake. Atsikana a kwathu ku Chowe ankatchula ndalama, ena bedi ndi matiresi, ena ofuna kutamandidwa ankangoti msahafu, buku lathu lopatulika, basi. Ine ndinati makina osokera.

Amjomba anatuluka n'kukafika pomwe panakhala amuna, kenaka anabwereranso kudzafunsa kachiwiri, ngati kuti yankho limasintha ukaliyendera kawiri. Ndinali nditaphunzira kusoka pakhonde la telala wina wa pamsika, ndipo mutu wanga unali wouma chibadwire. Ndinabwereza mawu omwewo. Mwamuna wodzandikwatirayo atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere, "Uyu ndiye mkazi, osati enawa." Ndinamva kukoma, sindibisa. Anali wamtali, woyera mano, wa geni ya nsomba zouma. Ankakapikula usipa ndi utaka ku Makanjira n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo pakamwa pake pankatuluka uchi wokhawokha. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mtsikana akaufuna mkuyuwo za nyerere samva.

Anandigulira mutu wa makina wakale, wakuda, wa maluwa agolide ofufutika. Tebulo lake ndi chopondera zinabwera patatha miyezi itatu, titasamukira kale pa boma ku Mangochi, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Khoma limodzi tinkagawana ndi mayi wina wamkulu, wonenepa bwino, wogulitsa mpunga pamsika. Tonse tinkangoti mayi a mpunga. Anali ndi wailesi, adzukulu atatu, ndi mwana wamwamuna ku Joni amene ankamutchula katatu pa moni uliwonse.

Diresi loyamba limene ndinasoka m'nyumba imeneyo linali la mayi a mpunga omwewo. Atandipatsa ndalama, mwamuna wanga anatambasula dzanja mwaulemu.

"Bweretsani ndikusungireni," anatero. "Nyumba za lendizi akuba ndi ambiri."

Zinamveka ngati chikondi, ndipo ndinapereka ndikumwetulira. Za diresi lachiwiri anasunganso, za lachitatu chimodzimodzi. Pomatha chaka, makasitomala anali ataphunzira okha kuti posoka ndi kwa mayi, polipira ndi kwa bambo. Anali ndi mpando wake pafupi ndi chitseko. Akakhala kuti ali ku ulendo, anthu ankauzidwa kuti adzalipire iye akabwera. Ine ndikafuna ulusi ndinkayenera kupempha, n'kufotokoza bwino kuti bulauzi imodzi imadya ulusi wochuluka bwanji. Munthu amene sankadziwa kusokerera batani anasanduka katswiri wa ulusi, ankachita kuupima m'manja kuti aone ngati sindinawononge. Sopo, mchere, machesi, ankagula yekha. Ngakhale zovala zanga zam'kati ankandigulira yekha, ndipo pa zaka zisanu ndi zitatu sayizi sanailondolepo.

Mpumulo wanga unali msewu wa ku Makanjira. Anthu ena amautukwana msewu umenewo, ine ndinkaupempherera kuti usakonzedwe. Lole ikatitimira m'matope, ulendo wa masiku atatu unkasanduka wa sabata. Masiku amenewo ndinkasoka mwamsangamsanga mayunifolomu a ana a sukulu, amayi awo n'kundipatsa pang'ono m'manja mobisa. Ndinkatumiza shuga kwa mayi ku Chowe. Tsiku lina ndinamugulira mwana wanga wamkazi tisilipasi tofiira. Bambo ake atabwera anayang'ana kumapazi kwa mwanayo asanayang'ane kumaso. Anamufunsa mokoma kuti wamugulira ndani, ndipo ana a zaka zinayi sanama. Limenelo ndi tsiku loyamba limene anandimenya.

Atatero anaganiza zoti akamachoka makina azitsala olumala. Vuto linali lakuti makinawo sankawadziwa. Ulendo woyamba anachotsa singano n'kupita nayo ku Makanjira, osadziwa kuti telala aliyense amakhala ndi singano zina m'kachitini. Atazindikira, anachotsa lamba amene amalumikiza chopondera ndi gudumu. Ndinadula chubu chakale cha njinga n'kumangirira, makina anayenda bwino kuposa kale. Kenaka anachita zimene amuna ambiri amachita akalephera, anakafunsa mwamuna mnzake. Telala wina wa pamsika anamuonetsa kachitsulo kakang'ono kosungira bobini ya ulusi wapansi, kamene kamalowa kunsi kwa singano. Popanda kachitsulo kameneko makina amangoboola nsalu, osasoka. Pamenepo ndiye anandipeza. Ndinayesa kugula kena mobisa, koma sikanagwirizane ndi makina akale aja, kankangodula ulusi.

Kuyambira pamenepo kachitsuloko kanasamukira m'thumba la kanzu yake, mkanjo wa ku mzikiti, kanzu yoyera mbee imene ine ndemwe ndinkasita. Kankapita ku nyanja, kankapita ku Limbe, Lachisanu kankalowa mu mzikiti n'kukhala pa mzere woyamba. Kanayenda dziko lino kuposa ine mwini wake. Akafika pakhomo ankakatulutsa n'kundipatsa, ine n'kuyamba ntchito, iye n'kukhala pampando wake. Lero ndimaseka ndikamanena zimenezi, koma nthawiyo sindinkaseka. Ndinkachita manyazi aakulu, manyazi a munthu wamkulu wa luso lake amene sangagule yekha paketi ya mchere.

Kudandaula ndinadandaula. Amjomba ndiwo anali ankhoswe, ndipo ndinawaitanitsa kangapo. Koma mwamuna wanga ankawadziwa pofooka pawo. Tsiku la mlandu ankagula chambo chachikulu, ine wodandaula n'kuchiphika, woweruza n'kuchidya. Pofika ku mutu wa nsombayo, amjomba ankakhala atakumbukira kuti banja ndi kupirira. Oyandikana nafe nawonso sankanena kanthu. Ndewu ikayamba kwathu, wailesi ya mayi a mpunga inkakwera mawu kuseri kwa khoma. M'mawa ankandipatsa moni akuyang'ana mpango wanga, osati nkhope.

Chaka chimene ndinachoka, unali mwezi wa Ramadhani, tsiku lakhumi la swaumu, kufunga kwathu kosala kudya masana onse. Kwa telala wa ku Mangochi mwezi umenewu ndiwo wokolola, pakuti aliyense amafuna chovala chatsopano cha Idi. Nsalu za anthu zinali zitaunjikana pakona. Masana a tsikulo panabwera mphunzitsi wina wongosamutsidwira kumene kudera lathu, wosadziwa malamulo a pakhomo pathu. Anandipatsa ndalama m'manja mwamuna wanga ali kubafa, ine ndinazimanga pa mfundo ya chitenje. Potuluka mphunzitsiyo anakumana ndi mwamuna wanga pakhomo, n'kunena ndi ulemu wake wonse kuti walipira kale kwa mayi.

Mwamuna wanga anangokhala pampando wake. Wofunga samenya munthu, satukwana, sakweza mawu, swaumu ingawonongeke. Anadikira mpaka dzuwa litalowa. Adhana yoitanira ku pemphero italira ku mzikiti anamwa madzi, anadya zipatso ziwiri za tende, anaswali pemphero lake mosathamanga, kenaka anandiitanira m'nyumba. Pondikankha ndinagwera pa chopondera cha makina, dzino linathyoka, mlomo unang'ambika. Koma si dzinolo limene linandichotsa. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri pa nthawiyo, ankakonza makapu a tiyi pamkeka. Sanalire, sanathawe. Anapitiriza kuika makapu, kapu iliyonse pamalo pake, ngati kuti kunja kwangoyamba kuwaza mvula. Ndinaona kuti mwana wazolowera, ndipo ndinachita mantha amene ndinali ndisanachitepo.

M'mawa mwake, bambo atapita kumsika, ndinamasula mutu wa makina ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinaukulunga m'chitenje, n'kuusenza pa nkhata, mwana wanga wachiwiri, wamng'onoyo, kumbuyo, wamkulu atagwira chitenje changa. Tinawoloka mlatho wapansi kupita kwa amayi aang'ono, ang'ono awo a mayi anga, amasiye amene ankakazinga mandasi tsidya linalo. Atandiona pakamwa sanafunse funso. Anangoti, "Tula kaye, chitsulo chimenecho chikuthyola khosi." Kenaka anapita nane kuchipatala kukasoketsa mlomo. Namwino anasoka bwino ndithu, ngakhale kuti ine ndikanayandikanitsa pang'ono.

Patatha masiku atatu tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amayi aang'ono: amjomba, nkhoswe ya kuchimuna, ndi mwamuna wanga mu kanzu imene tsopano inali yosasita. Anayankhula mofatsa ngati mwalimu wophunzitsa ana ku madarasa a mzikiti.

"Mutu wa makina ndi mahari ake, sindikana, ine ndine Msilamu. Koma tebulo, chopondera, sizasi ndi zina zonse ndinagula pambuyo pa ndowa, ndi ndalama zanga za usipa. Zimenezo ndi za pakhomo panga. Nsalu za anthu nazo zili pakhomo panga, zikudikira telala. Telala abwerere."

Amjomba anakanda ndevu. Chambo panalibe tsiku limenelo, koma chizolowezi chinalipo.

"Mwanangu," anatero, "wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ana awiriwa mudya nawo chiyani? Mutu wa makina? Khalani kuno mlomo upole, Idi ikadutsa ndidzabwera kudzakuperekezani kwa mwamuna wanu."

Anthu atabalalika, amayi aang'ono anandiuza zoona zokhazokha, monga mwa khalidwe lawo. Chipinda chinali chimodzi, mandasi m'mwezi wa swaumu amagulidwa madzulo okha, ndipo pakamwa panali patawonjezeka patatu. Mpaka Idi atisunga. Kupitirira pamenepo pafunika dzanja lina lobweretsa chakudya. Sanandithamangitse, koma ndinamva. Makina akapanda kuyenda Idi isanafike, ndibwerera m'nyumba ija. Mutu wa makinawo unali pakona, ndipo mwana wanga wamng'ono ankaukwera ngati njinga yamoto.

Tsiku lotsatira ndinamva kabaza akupuma mofuula panja. Anali atanyamula mayi a mpunga kuchokera tsidya lina, ndipo anaoneka kuti akuganizira zosintha ntchito. Mayiwo anatsika, anakonza mpango, n'kukhala pamkeka.

"Ajimwiche uli, mwanangu?"

Ndinayankha moniwo movutikira, mlomo utatupa. Ndinaganiza kuti abwera kudzandizonda, ndipo mtima unayamba kufewa.

"Ndabwerera lesi yanga," anatero. "Nsalu ya lesi ija mwana wanga anatumiza kuchokera ku Joni. Ine Idi iyi ndiivala, kaya kugwa chiyani."

Munthu akuona ulusi wa kuchipatala pamlomo panga, zaka zonsezi khoma limodzi, ndiye akubwerera lesi! Ndinaiwala kuti ndi wamkulu, ndinaiwala kuti ndafunga.

"Lesi yanu yatsekeredwa m'nyumba limodzi ndi tebulo la makina. Pitani mukawauze bambo aja akusokereni. Si ndi omwewo munalipira?"

Amayi aang'ono ananditsina pantchafu. Mayi a mpunga anandiyang'ana nthawi yaitali, ulendo uno pankhope penipeni. Anangoti, "Ehee." Anadzuka n'kuitana kabaza uja, amene anali atabisala kuseri kwa mtengo.

Zimene zinachitika masiku awiri otsatira sindinazione ndi maso. Anandiuza ndi amayi aang'ono, amene anasiya ufa wa mandasi uli m'beseni n'kupita kukaonerera. M'mawa, mwamuna wanga potsegula chitseko anapeza khonde ladzaza amayi. Anali atayala mikeka yawo. Ena anabwera ndi malichero akusankha mpunga wa futari, chakudya chomasulira swaumu madzulo, ena ankawerenga tasibihi, mikanda ya pemphero, ena ankayamwitsa. Mayi a mpunga anakhala pakhomo penipeni, ndipo iwo akakhala pakhomo, khomolo latsekedwa.

"Salamu alaikumu, bambo," anatero. "Tabwerera nsalu zathu za Idi. Musavutike nafe, tidikira."

Panalibe wotukwana, panalibe wokweza mawu. Onse anali ofunga, ndipo palibe amene akanataya swaumu yake chifukwa cha wogulitsa usipa. Iyenso sakanawakalipira, munthu wa mzere woyamba mu mzikiti, dzuwa lili pamutu. Aliyense wodutsa mumsewu ankapatsidwa moni wathunthu, ndipo akafunsa kuti kwagwanji, amayiwo ankayankha mokoma kuti palibe choipa, akungodikira nsalu zawo kwa bambo aja mkazi wawo anathyoka dzino. Matumba a usipa amene ankayenera kupita ku Limbe sanatuluke. Nthawi ya swala ya masana itakwana, bambo anali atatawaza kale, ndiye kuti atasamba kukonzekera pemphero, ndipo kwathu kuno mwamuna wotawaza akakhudzana ndi mkazi wa eni amayenera kuyambiranso. Anayesa kudutsa uku, pali phewa. Anayesa uko, pali bondo. Amayi aang'ono amalumbira mpaka lero kuti anamuona akutulukira pawindo la kuseri, kanzu atakwinyira m'chiuno. Madzulo amayiwo anapinda mikeka n'kupita kukaphika, atatsanzika bwinobwino kuti aonana mawa, Mulungu akalola.

Mulungu analola. Tsiku lachiwiri anabwera ochuluka kuposa dzulo lake. Cha m'ma teni koloko, mwamuna wanga anatulutsa nsalu zonse n'kuziika pakhonde. Amayi anazilandira ndi manja awiri.

"Sikomo kwejinji, bambo," anatero mayi a mpunga, lesi ili pamiyendo. "Koma nsalu siidzisoka yokha."

Ndipo palibe anadzuka. Mwamuna wanga anawafotokozera nkhani yake ija ya mutu ndi tebulo, ya miyezi itatu. Anamumvetsera mwaulemu akusankha mpunga. Mwamwayi a shehe a mzikiti wa m'deralo ankadutsa, kapena wina anawadutsitsa, sindidziwa. Atamva mbali zonse anangonena kuti iwo sanamvepo munthu wopereka mbuzi ya mahari n'kusunga miyendo yake. Anapitiriza ulendo wawo.

Tsiku lachitatu amayi aja ananditumizira uthenga kuti ndipite ndikaone ngati katundu wakwana, pakuti mwa iwo munalibe wodziwa makina. Sindinafune kupita. Nditafika ndinapeza tebulo lili pabwalo, chopondera chili ndi kadontho kakuda kamene ndinakazindikira. Pamwamba pake panali sizasi, tepi, kabotolo ka mafuta ndi kachitini ka singano. Mwamuna wanga anaima pakhomo, manja kumbuyo. Sanandiyang'ane, koma ndinkamumva mmene munthu umamvera galu amene anakulumapo.

"Zakwana, mwanangu?" anafunsa mayi a mpunga.

Pakamwa panga panatsala pang'ono kunena kuti eya. Zaka zisanu ndi zitatu ndinali nditaphunzira kuti pamaso pa anthu zonse zimakhala zokwana. Ndinayang'ana pansi.

"Patsala kachitsulo ka bobini."

"Kali kuti?"

"M'thumba la kanzu. Lakumanja."

Amayi onse anatembenukira thumba limenelo. Iye anapisa dzanja. Kanatuluka limodzi ndi tasibihi, tikiti yakale ya minibasi ndi mamba a nsomba. Sanandipatse m'manja, anakaika patebulo. Mayi wina kumbuyo analephera kupirira, kuseka kunamutulukira m'mphuno, n'kufulumira kunena kuti, "Asitaghafirula, swaumu yanga!" Ine sindinaseke. Ndinakatola n'kukafumbata mpaka kanandisiyira chidindo m'chikhatho. Amayi anayi anasenza tebulo, ena chopondera, ena nsalu, ndipo tinawoloka mlatho pamzere ngati akuperekeza mkwatibwi, amakabaza akutiimbira mabelu.

Tinaika makina pakhonde la amayi aang'ono, pafupi ndi chiwaya cha mandasi, moti zovala zonse za Idi ya chaka chimenecho zinkanunkhira mafuta ophikira. Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri. Ndinkayamba tikangodya daku m'bandakucha, n'kusoka mpaka maso atakana. Nditawerenga nsalu zimene zinachokera m'nyumba ija ndinapeza zisanu ndi zinayi zokha, pamene amayi amene ndinawaona pabwalo paja anaposa makumi awiri. Ndinadabwa, koma nthawi yodabwa ndinalibe. Eni nsaluzo anali atalipira kale kwa bambo aja, ndiye ndinawasokera osawapempha kanthu. Koma mbiri ya khonde ija inali itazungulira msika wonse, ndipo anthu anayamba kubwera ndi nsalu zawo, ena kudzasoketsa, ena kudzaona dzino. Onse ndinawayeza. Woyamba kundipatsa ndalama m'manja, ndinacheuka kumbuyo kufuna mpando uja. Kunali nkhuku ya amayi aang'ono basi. Madzulo ake ndinapita pagolosale n'kugula ulusi wamitundu isanu, ndipo ndinayamba kumufotokozera mwini golosale chifukwa chake ndikufuna wochuluka chotero, mpaka anandiuza kuti iye alibe nazo ntchito.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uoneke, amjomba anafika kuchokera ku Chowe kudzakonza za ulendo wondiperekeza. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, kenaka ndinabwerera pa makina, chinthu chimene mwana wolemekeza akulu sachita.

"Ndiye tinyamuka tsiku lotsatira Idi," anatero.

"Amjomba, ine sindibwerera."

"Nanga mudya chiyani?"

Ndinangopitiriza kuponda, nsalu za anthu zitaunjikana mpaka pawindo, thumba la ufa limene ndinagula ndekha litatsamira khoma pafupi ndi mapazi awo. Anayang'ana thumbalo, anayang'ana nsaluzo. Kenaka anandiuza kuti nditsegule pakamwa. Anaona mpata wa dzino uja nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti kanali koyamba kuuona ngakhale unalipo pa mlandu uja. Anavula kofia n'kuivalanso. Anati akawaona a shehe za talaka, kuti banja lithe mwa dongosolo. Anapempha ngati ndingawasokere thumba la malaya limene linang'ambika. Ndinawasokera, ndipo sindinawauze kuti apirire.

Lesi ya ku Joni ndinaisiyira kumapeto, mwadala. Mayi a mpunga anabwera kudzayesa madzulo a tsiku lomaliza la swaumu, pa kabaza wina watsopano wosawadziwa. Anavala diresilo m'nyumba n'kuima pakati pa chipinda, manja atatambasula, ine nditagwada ndikukonza m'chiuno ndi mapini. Inali nsalu yokongola, ndivomere, yobiriwira ngati masamba a mpunga wanthete. Mkwiyo wanga pa iwo unali usanathe, ndipo funso lija linali likundiyabwa.

"Nsalu zinali zisanu ndi zinayi," ndinatero. "Amayi ena onse aja ankadikira chiyani?"

"Enawo analibe nsalu. Ndinayenda khomo ndi khomo, ndinawauza kuti aliyense akafunsidwa anene kuti yake ilimo."

Ndinasiya kaye kulowetsa phini.

"Khoma lija ndi la njerwa imodzi, mwanangu," anapitiriza, akuyang'ana kudenga. "Ndinkamva zonse, ndi za tsiku la tisilipasi tija zomwe. Wailesi ndinkakweza kuti adzukulu anga asamve. Ukalowerera za m'banja la eni, mawa iwo agwirizana, mfiti ndiwe. Ndinkasowa polowera. Koma nsalu yanga ndi yanga, palibe amene angandifunse kuti ukufunanji pakhomo pano."

"Zaka zisanu ndi zitatu, mayi."

"Ndikudziwa."

"Mukanangogogoda. Kamodzi kokha. Kupempha moto, kupempha mchere, chilichonse."

"Ndikudziwa, mwanangu."

Phini imene inali m'dzanja langa inawalowa m'nthiti, ndipo sindinganame kuti inali ngozi. Sanakuwe, sanasunthe. Anangoti, "Baya, ndi yako."

Pamenepo ndinalira, kulira kumene sindinalire m'nyumba ija ngakhale kuchipatala, nkhope nditaikwirira mu lesi ya ku Joni, mapini ena adakali pakamwa. Iwo anaima chomwecho, manja ali chitambasulire, mpaka ndinamaliza.